Tisanalipire zaka zitatu, tifunse ngati kampaniyo idzafika chaka chamawa

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga akale amene ena mwa inu tsopano mimba zakula kuposa yanga, mundilole lero ndilankhule mokalipa pang'ono. Loweruka likubwerali komiti ya bungwe la ophunzira akale ikumana kuti isankhe kampani yoti isunge webusayiti ya sukulu yathu pamodzi ndi zonse zimene tikufuna kuikamo: mayina a ophunzira, magiredi a teremu iliyonse, kaundula wa ana amene mukuwalipirira fizi, ndi zithunzi zakale zimene mwakhala mukutumiza. Makoteshoni alipo atatu ndipo ndawawerenga onse. Ndaonanso mmene nkhani ikuyendera pa gulu lathu la WhatsApp. Mitima yapita kale kwa wotchipa uja, amene akuti tikalipira zaka zitatu nthawi imodzi atichotsera theka la mtengo. Ine ndikukana. Ndalemba pano chifukwa pa WhatsApp mawu anga amamira pakati pa mauthenga a maliro ndi zithunzi za maukwati.

Mmodzi wa inu, amene ndimamukumbukira bwino chifukwa ankaodzera mu Masamu a masana, wakonza tebulo lokongola loyerekeza makampani atatuwa. Muli mtengo, muli kukula kwa malo osungiramo zinthu, muli liwiro la intaneti. Wachita bwino mwana wanga, ndipo ndanyadira kuti tsopano umadziwa kujambula tebulo. Koma patebulo lako palibe mzere wa funso limene kwa ine ndi loyamba: kodi kampani imeneyi, ndi kampani imene imaigulitsa intaneti, ali ndi ndalama zowafikitsa chaka chamawa? Liwiro la kampani imene yatsekedwa ndi ziro, ngakhale pakoteshoni analemba zotani.

Amene munalipo nthawi ya webusayiti yathu yoyamba mukudziwa kumene mkwiyo wangawu ukuchokera. Ife tinaikonda webusayiti ija. Ine ndi mnzanga wa Biology tinatayipa mapepala a mayeso akale ndi zala ziwiriziwiri, madzulo ambirimbiri, pa kompyuta imodzi ya mu ofesi ya ahedi. Munali mndandanda wa onse amene anasankhidwa kupita ku yunivesite kuchokera pasukulu pano. Munali zithunzi za tsiku lotsanzikana ndi malemu aphunzitsi athu a Chichewa, zimene mwini kamera anatipatsa kenako kamera n'kubedwa. Kampani imene inkatisungira zonsezi tinaisankha chifukwa inali yotchipa, ndipo tinkailipira chaka chonse chisanayambe.

Lolemba lina m'mawa ndinatsegula, tsamba linangoti mbee. Ndinaganiza kuti ndi netiweki. Lachitatu chimodzimodzi. Foni ya kampani inkangoitana osayankhidwa, kenako inasiya n'kuitana komwe. Patatha sabata ndinakwera minibasi ndi ndalama za m'thumba mwanga kupita m'tauni. Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ina. Ndinapeza loko wamkulu pachitseko, ndi pepala la mwini nyumba lonena za lendi. Mlonda wa pansi ndiye anandiuza nkhani yonse, atakhala pa benchi yake: kuti anyamata a mu ofesimo anali atatha miyezi osalandira malipiro, kuti wodziwa ntchito kwambiri uja anachoka kalekale, ndi kuti masherifu anabwera kudzanyamula madesiki. Mlonda ankadziwa zonsezi kwa miyezi. Ife a masatifiketi sitinkadziwa kanthu, chifukwa palibe amene anaganiza zofunsa.

Mwini kampaniyo ndinakumana naye patapita nthawi, ndipo ndinene mosabisa kuti sanali wakuba. Anali mnyamata waulemu amene masamu anamukanika. Seva yakeyake analibe. Ankachita lendi malo pa seva ya kampani ina kunja, n'kumalipira m'madola mwezi ndi mwezi. Atalephera kulipira miyezi ingapo, akunja aja anafufuta zonse, zathu ndi za makasitomala ena. Dzina la webusayiti yathu, domain ija, analilembetsa m'dzina lake osati la sukulu, ndipo nalonso linatha nthawi n'kupita. Anandipepesa kwambiri. Kupepesa ndinakulandira, koma zithunzi za malemu aja palibenso amene ali nazo mpaka lero.

Kuti timvetsane, tiyeni tione mmene malondawa amayendera, poti ambiri timangoona chikwangwani cha kampani imene tasainirana nayo. Wosunga webusayiti sapanga intaneti. Amaigula kwa kampani ya netiweki. Ya netiwekiyo imagula kapena kuchita lendi fibre kwa eni zingwe zodutsa m'dziko muno mpaka m'malire. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, ndiye intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Mozambique ndi Tanzania kuti ikafike ku zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya 2010. Aliyense pamzere umenewu ali ndi bilu yoti alipire kwa wa pamwamba pake, ndipo mukamayandikira kunyanja bilu imakhala ya madola. Mmodzi akalephera kulipira, wa pamwamba amadula, ndipo onse a pansi amazima ngakhale iwo analipira mokhulupirika. N'chifukwa chake sikokwanira kudziwa kuti amene tikumupatsa ndalama ndi munthu wabwino wopemphera. Tiyenera kudziwa amene amamugulitsa intaneti, ndi ngati iyeyo naye ali ndi mphamvu.

Tsono kampani ya kuno imalandira makwacha koma mbali ya ngongole zake ndi ya madola. Inu nonse mukukumbukira zimene zinachitika. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kampani imene imalipira madola 1,000 pamwezi kwa oigulitsa intaneti. Dzulo lake inkafunika K1,180,000. M'mawa mwake inkafunika K1,700,000 pa katundu yemweyo, osaonjezera kasitomala ndi mmodzi yemwe. Apo sitinanene za kusowa kwa madolawo m'mabanki, kumene munthu amakhala ndi makwacha m'manja koma n'kudikira masabata kuti alipire kunja. Sitinanenenso za magetsi. Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri kwa miyezi yambirimbiri, ndipo aliyense wosunga maseva m'dziko muno ankadalira jenereta ndi mafuta a dizilo. Ndiye munthu akabwera n'kundilonjeza mtengo umodzi wa makwacha wosasintha kwa zaka zitatu, wochotseratu theka, ine ndimafuna kudziwa kuti madola a chaka chachitatu adzawatenga kuti.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi Masamu a Fomu 3 basi. Tiyerekeze kuti mtengo wa chaka chimodzi ndi K100, kuti manambala asatisokoneze. Zaka zitatu ndi K300. Mnzathuyu akuti timupatse K150 lero, nkhani yatha. Koma K100 ya chaka choyamba tikanalipira lero ndi kale. Ndiye chimene tikuonjezera lero ndi K50 yokha. Posinthana ndi K50 imeneyo, iye akutikhululukira K100 ya chaka chamawa ndi K100 ya chaka chinacho. Mwa njira ina, akubwereka K50 kwa ife n'kulonjeza kubweza K200 m'zaka ziwiri. Amene simunaiwale compound interest tengani cholembera, mupeza kuti chiwongoladzanja chake chikupitirira 170 peresenti pachaka. Mabanki athu timawanena kuti amadula, koma palibe imene imafika pamenepo. Ameneyo ndi katapila. Funso langa ndi ili: ndi munthu wotani amene amavomera kubwereka ndalama pa chiwongoladzanja cha katapila? Ndi amene banki yamukana, kapena amene akufuna ndalama sabata ino kuti atseke dzenje la mwezi watha. Pali wachitatu, amene sanawerengere n'komwe, ndipo ameneyo ndiye amandiopsa kwambiri chifukwa ndinakumana naye kale.

Ndipo tikapereka ndalamazo tisadzinamize kuti tagula katundu. Tabwereketsa, popanda chikole. Kampani ikagwa, katundu wake akamagulitsidwa, pamakhala mzere. Banki imene inagwira chikole ili patsogolo, antchito ndi malipiro awo ali pomwepo, a msonkho nawo ali pomwepo. Kasitomala amene analipiriratu amaima kumapeto kwenikweni, pamodzi ndi wogulitsa mapepala ndi mayi amene ankabweretsa tiyi. Pofika pa iye m'mbale mumakhala mutayera. Ndalama zimenezi si zanga, ndi zanu, zimene ena mwatumiza kuchokera ku Johannesburg mutagwira ntchito usiku, ndipo munazitumiza poganizira ana osowa fizi.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, poti lalembedwa kale pa gulu: “Ndiye aphunzitsi tingopita ku kampani yaikulu, nkhani ithe.” Ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Tiyeni tituluke m'Malawi pang'ono tikaone akuluakuluwo. Ku America kunali kampani yotchedwa WorldCom, mwini wa UUNET, imodzi mwa manetiweki akuluakulu a intaneti padziko lonse nthawi imeneyo. Mu Juni 2002 inavomera kuti madola 3.8 biliyoni analembedwa molakwika m'mabuku ake, ndipo pofufuza chiwerengerocho chinakwera kufika pafupifupi 11 biliyoni. Chinyengo chake chinali chosavuta kumva. Ndalama zimene inkalipira makampani ena pogwiritsa ntchito mizere yawo, zomwe ndi zotuluka za chaka chomwecho, inkazilemba ngati yagula katundu wokhalitsa. Zili ngati ahedi agule ufa ndi nyemba za ana a m'hostelo, n'kulemba m'buku kuti amanga buloko ya makalasi. Pamapepala sukulu ikuoneka yolemera, koma ufa unadyedwa. Amene anatulukira zimenezi ndi Cynthia Cooper ndi gulu lake lofufuza mabuku mkati mwa kampani momwemo, pamene ofufuza akunja, a Arthur Andersen, anali atasainira kuti zonse zili bwino. Mu Julaye 2002 WorldCom inathawira kukhoti kuti itetezedwe kwa oikongoza, ndipo mkulu wake Bernard Ebbers anagamulidwa mu 2005 kukhala kundende zaka 25.

Makasitomala a WorldCom anachita mwayi. Lamulo la ku America limalola kampani kupitiriza ntchito uku ikukonza ngongole zake, ndiye netiweki sinazime. Kampaniyo inatuluka mu 2004 ndi dzina loti MCI, kenako Verizon inaigula. Anzawo a ku Ulaya mwayi umenewo analibe. KPNQwest, imene inakhazikitsidwa ndi KPN ya ku Netherlands pamodzi ndi Qwest ya ku America, inkanyamula gawo lalikulu la intaneti ya ku Ulaya. Inagwa kumapeto kwa Meyi 2002. Mainjiniya a netiweki yake ya Ebone ku Belgium anapitiriza kugwira ntchito kwa masabata osalipidwa, poyembekeza kuti wogula apezeka. Sanapezeke mu nthawi yake, ndipo mu Julaye netiwekiyo inazimitsidwa. Amene anapulumuka bwino ndi amene anali atalumikizidwa kale ku kampani yachiwiri. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mu Disembala 2001, kampani yakugwa ya Excite@Home inadula makasitomala a AT&T pafupifupi 850,000 tsiku limodzi, chifukwa makampani awiriwo analephera kugwirizana za ndalama. Makasitomalawo anali atalipira mabilu awo. Mkangano sunali wawo, koma mdima unali wawo.

Nkhani imene imafanana kwambiri ndi yathu ndi ya 2e2, kampani ya ku Britain imene inkasungira makampani ena, ngakhale zipatala zina za boma, maseva ndi data. Inagwa mu Januwale 2013. Anthu amene anaikidwa kuti ayang'anire katundu wake analembera makasitomala kalata yowauza kuti ngati akufuna kuti nyumba za maseva zisazimitsidwe, asonkhe ndalama: ang'onoang'ono mapaundi 4,000, akuluakulu mpaka 40,000. Anawachenjezanso kuti kutulutsa data yawo kungathe kutenga masabata 16. Taganizani, katundu ndi wanu, munalipira kale, koma mukuuzidwa kuti mulipirenso kuti nyali isazime pamene mukudikira kuti akupatseni zanu zomwe. Chaka chomwecho ku America, Nirvanix, yosungira anthu data pa intaneti, inauza makasitomala ake kuti ali ndi masabata awiri okha oti asamutse zonse. Iwo aja anali ndi mizere yothamanga ndi akatswiri olembedwa ntchito. Ife ndi intaneti yathu ya pasukulu, imene imakanika kutsegula chithunzi chimodzi mvula ikagwa, tingasamutse chiyani m'masabata awiri pakati pa teremu?

Wina wochenjera anena kuti aphunzitsi mwadzigwetsa nokha. Ngati WorldCom inanamiza akatswiri a mabuku, ife ndi ndani kuti tizindikire kampani yodwala? Bwanji osangotseka maso n'kusankha yotchipa, poti onse angathe kugwa? Maganizo amenewa ndimawamva kwa ana a Fomu 4 amene amati poti ngakhale anzeru amalephera MSCE, kuwerenga n'kutaya nthawi. Makampani ambiri sagwa mwaukatswiri ngati WorldCom. Amagwa ngati ija ya pamwamba pa sitolo, poyera, mlonda akuona. Ndipo kampani isanafe imayamba yadwala, ndipo matendawo amene amawamva ndi kasitomala. Ndalama zikachepa, choyamba kuchotsedwa ndi chimene sichioneka tsiku ndi tsiku: njira yachiwiri ya intaneti, mafuta osungira a jenereta, mabatire atsopano, injiniya wa usiku. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'mayiko ambiri a chigawo chino, Malawi yemwe. Tsiku ngati limenelo ndi limene limaonetsa amene analipira njira yachiwiri ndi amene ankangodalira chingwe chimodzi. Njira yachiwiri ndi ndalama zimene umalipira mwezi uliwonse pa chinthu chimene mwina uchigwiritsa ntchito kawiri pachaka. Kampani yopuma movutikira singachite zimenezo. Choncho tikamafunsa za thumba la kampani, tikufunsanso ngati webusayiti idzatseguka tsiku limene makolo akufuna kuona magiredi.

Safunsa anadya phula, ndipo mafunso ake si ovuta. Makampani atatuwa atiuze kuti akhala zaka zingati pa ntchitoyi, maseva ali kuti, ndi awo kapena a lendi, intaneti amagula kwa ndani ndipo njira ndi zingati. Wogulitsa intaneti aonetse laisensi ya MACRA. Onse aonetse setifiketi ya MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chifukwa kampani ikayamba kuvutika msonkho ndi umene umayamba kudumphidwa. Atipatse malipoti a zachuma a zaka ziwiri osainidwa ndi ofufuza mabuku. Wina akana n'kunena kuti n'zachinsinsi, ndi ufulu wake, koma amene akufuna ndalama za zaka zitatu kwa ine n'kumandibisira mabuku ake wandiyankha kale. Kwa makampani a netiweki amene ali pa Malawi Stock Exchange, monga TNM ndi Airtel Malawi, simufunika n'kupempha komwe, malipoti awo amasindikizidwa poyera. Sindikukusankhirani kampani, ndikungonena kuti pepala lija mumakulungira mandasi lili ndi nkhani. Mukalipeza lipoti musathamangire pa phindu, poti phindu ndi limene WorldCom inkapenta. Yang'anani ngongole zoyenera kubwezedwa m'miyezi 12 muziyerekeze ndi ndalama zimene zili m'manja kapena zolowa posachedwa. Yang'anani ngati ntchito yeniyeniyo ikubweretsa ndalama, kapena kampani ikukhalira kubwereka. Onani kuchuluka kwa ngongole za madola. Kenako werengani kalata ya ofufuza mabuku, ndipo mukapeza akukayikira za going concern, dziwani kuti akunena mwaulemu kuti sakutsimikiza ngati kampaniyo ifika chaka chamawa. Pakati panu pali maakauntanti, ena ndinakuphunzitsani ndekha kugawa ndi kuchulukitsa. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo amodzi.

Mukatha zamapepala, mmodzi apite ku ofesi yawo masana a Lachiwiri osauza munthu. Aone ngati muli anthu. Acheze ndi mlonda, amufunse ngati malipiro akubwera pa nthawi yake. Apemphe kuona jenereta. Afunse makasitomala awiri akale, osati amene kampaniyo yatisankhira, kuti foni imayankhidwa Lamlungu kapena ayi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo koteshoni ya wotchipa uja ndiyo yokongola kuposa zonse zitatu, ya mitundu inayi, ndi chithunzi cha nyumba ya maseva imene ndikukayika ngati ili m'dziko muno.

Chimene chandipweteka pa zokambirana zathu ndi mawu akuti ine ndikupondereza achinyamata a Chimalawi amene akuyesetsa kudziimira paokha. Ndamva kuti kampani yotchipayo ndi ya mnzake wa mmodzi wa inu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani m'kalasi kuti musadikire ntchito ya boma, yambani zanu, ndiye sindingatembenuke lero n'kumanyoza amene wayamba. Sindikunena kuti kampani yake ikugwa. Sindikudziwa thumba lake, inunso simukulidziwa, ndipo vuto ndi lomwelo. Ngati ntchito yake ndi yabwino timupatse, koma timulipire miyezi itatu iliyonse pa mtengo wake weniweni, umene ungamusiyire phindu. Kumeneko ndiye kumuthandiza. Kumupatsa ndalama za zaka zitatu pa theka la mtengo ndi kumupachika goli: adya ndalamazo chaka choyamba, kenako atigwirira ntchito zaka ziwiri ulele uku dola ikukwera, ndipo tsiku lina adzasiya kuyankha foni chifukwa cha manyazi. Mnyamata wa webusayiti yoyamba uja tinamupha ndi ife tomwe makasitomala ake, amene tinkasangalala ndi mitengo yake osafunsa kuti akudya chiyani.

Ndipo kaya tisankha wamng'ono kaya wamkulu, tilowe tikudziwa khomo lotulukira. Domain ilembetsedwe m'dzina la sukulu, ndi imelo ya sukulu, ndipo mapasiwedi akhale ndi anthu awiri a kuno, osati mphunzitsi mmodzi amene mawa angasamutsidwe kupita ku Chitipa. Ngati n'kotheka domain tiigule kwina, hosting kwina, kuti mmodzi akagwa asagwe ndi zonse. Sabata iliyonse tizikopera zonse n'kusunga pa hard drive mu ofesi ya ahedi, ndipo kamodzi pa teremu wina ayese kuzitsegula, chifukwa ndinaonapo backup imene inkasungidwa mokhulupirika chaka chonse koma mkati mulibe kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu mgwirizano mulembedwe kuti data ndi ya sukulu, ndi kuti tikafuna kuchoka atipatsa m'masiku owerengeka popanda malipiro ena.

Pali chinanso chimene pa webusayiti yoyamba sitinkachiganizira. Ulendo uno tikuikamo kaundula wa ana a basale: mayina awo, midzi yawo, amene makolo anamwalira, amene akudwala. Kampani ikagwa, makompyuta ake amanyamulidwa n'kukagulitsidwa kuti abweze ngongole, ndipo wonyamulayo safunsa kuti m'kati muli chiyani. Kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza data ya anthu, ndipo amene anatolera mayinawo ndife. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ine ndi amene ndinakhala pansi ndi agogo a ana amenewa n'kuwalonjeza kuti zimene akundiuza sizipita kwina. Sindikufuna kuti tsiku lina nkhani ya mwana wa Fomu 2 ikapezeke mu kompyuta yogulidwa pa okushoni.

Ndiye Loweruka ndidzapempha zinthu izi pamaso pa komiti: kuti tisasankhe tsiku lomwelo, kuti tilembere makampani onse atatu mafunso omwewo n'kuwapatsa masabata awiri, kuti maakauntanti athu awiri awerenge zimene zibwere, ndi kuti pasatuluke ndalama yopitirira miyezi itatu kwa wina aliyense. Mukandigonjetsa pa voti ndidzavomera, koma mlembi adzalembe mu maminitsi kuti ndinakana ndi chifukwa chake. Amene muli kunja ndipo simubwera, tumizani maganizo anu kwa mlembi Lachisanu lisanathe, musangoika chala cham'mwamba pa WhatsApp. Msonkhano uli mu kalasi ya Fomu 4 A nthawi ya 9 koloko, ndipo samu ya K50 ija ndidzaiwerengera pa bolodi kuti aliyense aitsutse ngati angathe. Choko ndibweretsa ndekha.